Kabuku ka mbiri ya Zomba: pomwe ntchito yafika

Meyi

Tayamba kulemba kabuku ka Chichewa kofotokoza mbiri ya nyumba zakale ndi mabungwe a mumzinda wa Zomba. Padzakhalanso mapu oti ana a sekondale azitha kuyenda nawo wapansi, kuchokera kudepoti, kudzera kumsika, kukwera kumtunda kumene kunali maofesi a boma, mpaka kukatsikira ku Chirunga kumene kuli yunivesite. Tilipo atatu: ine, mnzanga wophunzitsa mbiri yakale, ndi mtsikana wa kuyunivesite amene amatha kujambula mapu pakompyuta. Ndizilemba pano pomwe tafika, kuti ofuna kutithandiza adziwe pogwira.

Chatikankha n'chakuti zambiri zolembedwa za mzinda uno zili m'Chingerezi, ndipo analembera alendo okwera phiri. Zimatchula Ku Chawe, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi pamalo pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965 ikuyang'ana chigwa. Mlendo akaona zimenezo wakhuta, wabwerera. Koma mwana wa ku Chinamwali kapena ku Sadzi, amene amadutsa pachipilala cha asilikali m'mawa ndi madzulo, palibe anamukhazika pansi kumuuza kuti chinamangidwiranji, ndipo n'kutheka kuti agogo a agogo ake ali m'nkhani imeneyo.

Zaka zikuluzikulu tazigwirizana kale. Zomba inakhala likulu la atsamunda mu 1891, dziko likutchedwa British Central Africa. Dzina linasintha kukhala Nyasaland mu 1907, kenako Malawi mu 1964, likulu lili pompano. Linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzindamu. Funso limene ndikufuna kabukuka kayankhe ndi ili: boma litanyamula katundu wake, chinatsala n'chiyani choti anthu onsewa azikhalira pano?

Juni

Tayambira pa hotela ya Masongola, chifukwa nyumba imeneyi ndi imene inakokera boma kuno. Inamangidwa mu 1886 kuti azikhalamo kazembe wa Britain, bambo Hawes, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi John Buchanan. Iyeyu anabwera ndi mishoni ya Church of Scotland ku Blantyre mu 1876 ngati woyang'anira minda. Mu 1881 anamuchotsa ntchito pamodzi ndi ena, mbiri ya kukwapula anthu pamishonipo itamveka ku Scotland. Anakhazikika m'mbali mwa Mulunguzi n'kumalima khofi ndi nzimbe, ndipo iye ndi abale ake anadzitengera malo aakulu zedi. Mnzanga anafunsa ngati nkhani ya zikoti ikufunikadi m'kabuku ka ana. Ine ndati ilowe. Mwana akamva zoti munthuyu anamanga nyumba yokongola, amvenso chimene chinamuchotsa ku Blantyre ndi m'mene malo a anthu anathera m'manja mwake.

Harry Johnston atafika mu 1891 anakhala m'nyumba yomweyi n'kuisandutsa phata la boma lake. Anasankha Zomba, osati Blantyre, pa zifukwa zingapo: madzi a Mulunguzi amene saphwa, mphepo yozizira yotsika m'phiri, kutalikirana ndi amishoni ndi azungu amalonda a ku Blantyre amene sankamwerana naye madzi, komanso kuyandikira njira za ogulitsa akapolo zolowera kum'mawa. Nkhondo yogonjetsa mfumu Kawinga kuphiri la Chikala mu 1895 inakonzedwera kuno.

Tagwirizana kuti tsamba loyamba lisayambe ndi Buchanan kapena Johnston. David Livingstone ndi John Kirk atafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 anapeza midzi, minda ndi anthu. Amang'anja analipo kale, Ayao anabwera ndi mafumu awo monga Malemia, ndipo pambuyo pake Alomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique, ambiri n'kukagwa m'thangata m'maesiteti a azungu. Nyumba ya Masongola ija, ya nsanja ziwiri zosongoka, sinadzimange. Wina anaponda dothi, wina anaumba, wina anatema nkhuni zootchera uvuni, wina anasenza njerwa pamutu kukwera nazo chitunda. Mayina amene anasungidwa ndi a mwini nyumba ndi a wolamula ntchito basi. M'kabukumu tilemba ntchito zimenezi imodziimodzi, kuti mwana akaima pakhondepo aone anthu ambiri, osati awiri.

Munda wa zomera uli pafupi pomwepo tauphatikiza mutu umodzi ndi Masongola. Anauyambitsa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene anabwera ndi Johnston, kuti aziyeserapo mbewu zoti azungu alime n'kumagulitsa kunja. Dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, linachokera pa iyeyu. Lero mundawu uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens, ndipo amene amaudziwa bwino ndi ophunzira okawerengera mayeso pansi pa mitengo ndi akwati okajambulitsa m'mbali mwa mtsinje.

Julayi

Mwezi uno nthawi yambiri tathera ku Archives, kosungira zolemba zakale za boma. Ofesiyi inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury (lero Harare). Chinthu choyamba chimene aliyense wofufuza za Zomba ayenera kudziwa ndi moto wa mu 1919, umene unatentha maofesi a Secretariat n'kupsereza zolemba zambiri za boma za zaka za m'mbuyomo. N'chifukwa chake nkhani za zaka zoyambirira za mzinda uno zimadalira makalata amene anatumizidwa ku London, zolemba za amishoni, ndi zimene akuluakulu anasiyirana pakamwa.

Fayilo yakale ili ndi kayendedwe kake. Umamasula kachingwe, chikuto chofumbira n'kutseguka. M'kati muli timapepala topyapyala ta kaboni, zilembo za tayipi zina zozimiririka, ndipo kutsogolo kuli tsamba limene mabwana ankalemberana ndemanga pamanja, wina pansi pa mnzake, aliyense n'kusayina ndi zilembo zoyamba za dzina lake. Ukawerenga mafayilo angapo umayamba kuona nthawi imene munthu wakuda amatchulidwa dzina: akapalamula, akalephera msonkho, akapempha penshoni, kapena akalemba dandaulo. Mesenjala amene ananyamula fayiloyo kuchoka ofesi ina kupita ina kwa zaka zambirimbiri mulibemo.

Madandaulowo ndi amene atipatsa mutu umene sunali pandandanda wathu. Popeza boma linali kuno, makalaliki ophunzira a m'zigawo zonse anasonkhana kuno, ndipo anayamba kukumana akaweruka. Levi Mumba, wa ku Mzimba, ankagwira ntchito ku Zomba ndipo ankatsogolera komiti yoimira mabungwe a anthu akumpoto kuti madandaulo awo azifika msanga kwa bwanamkubwa. Nyasaland African Congress itakhazikitsidwa mu 1944, iye ndiye anakhala pulezidenti wake woyamba, ngakhale anamwalira patangopita miyezi yochepa. Mabungwe ngati amenewa analibe nyumba ya nsanja, ndiye pamapu saoneka. Tasankha kuwapatsa tsamba lawolawo.

Ku Government Print tangodutsako mwachidule. Gazette ya boma inayamba kutuluka mu 1894, ndipo malamulo ndi zokambirana za aphungu zakhala zikusindikizidwa mumzinda uno. Tamvanso kuti lamulo limafuna kuti chilichonse chosindikizidwa m'Malawi chikasiyidwe ku Archives, choncho kabuku kathu nako kadzapita kumeneko.

Ogasiti

Chipilala cha King's African Rifles (KAR), chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre, chatidyera nthawi kuposa malo ena onse, ndipo m'pake. Ndi nsanja yaitali ya njerwa yokhala ndi wotchi, yomangidwa pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Msasawo unatchedwa dzina la Alexander Cobbe, msilikali wa Britain amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland mu 1902, akutsogolera asilikali ochokera kuno. Ana ambiri amene tawafunsa amadziwa Red Lions, timu ya mpira ya pamsasapo, koma za Somaliland sanamvepo.

Chimene chandivutitsa mtima ndi nkhani ya amtengatenga. Nkhondo yolimbana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa inkayenda pamitu ya anthu, chifukwa misewu kunalibe ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza chakudya, zipolopolo ndi katundu wa asilikali, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu. Ankayenda mitunda yaitali ndi chakudya chochepa, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati ndi mfuti. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo Aafirika ndi Aigupto, amene anafa pankhondoyo sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Ena mwa iwo ndi ochokera m'midzi ya Malemia, Chikowi, Mwambo ndi Kuntumanje.

John Chilembwe anaziona izi nkhondo itangoyamba. Chakumapeto kwa 1914 analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yofunsa chifukwa chimene anthu osauka a dziko lino ankafera pa mkangano wosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Mu Januwale 1915 anaukira. Tiika nkhani ya kalatayo pa tsamba lomwelo la chipilala, kuti mwana awerenge ziwirizi pamodzi. Sitikuchepetsa ulemu wa asilikali. Munthu angathe kulemekeza amene anafa n'kufunsabe kuti anawatuma ndani.

Mtsikana wa mapu ndiye anatikumbutsa za beni. Gule ameneyu, wa yunifomu, maudindo ndi kuguba kotsanzira asilikali, anafala kwambiri pakati pa Ayao a kuno ndi ku Mangochi nkhondo itatha, monga malipenga anafalira kumpoto. Chipilala anamanga ndi boma. Anthu wamba nkhondoyo anaisunga m'gule. Tikufuna chithunzi chabwino cha beni choti chikhale moyang'anana ndi cha nsanjayo.

Sepitembala

Nyumba yakale ya malamulo ndi yaing'ono kuposa m'mene munthu angaganizire akamva zimene zinachitikamo. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907 lili la azungu okhaokha, ndipo zofuna za anthu akuda ankati aziwayankhulira ndi mmishonale. Aafirika oyamba analowamo mu 1949, ochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 munalowa Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata amene anasandutsa nthawi ya mafunso kukhala bwalo lotsutsira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mabuku a zokambirana zawo ankawerengedwa ndi anthu ambiri kunja kwa nyumbayo.

Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, nyumba yomweyi inaona kugawanika kwa nduna. Zoyambitsa zinali zingapo: tiki (mapeni atatu) imene odwala anayamba kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi, komanso m'mene Dr Banda ankachitira ndi nduna zake. Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Pa 8 ndi 9 Sepitembala aphungu anakambirana za chikhulupiriro chawo mwa Dr Banda. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkanganowo unatsikira m'misewu ya Zomba: makalaliki ambiri anali mbali ya nduna zochokazo, ndipo kumapeto kwa mweziwo kunabuka ndewu pakati pa iwo ndi otsatira chipani. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston (lero Mangochi) n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, koma anaimira pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga anagwidwa kuno msonkhano wa aphungu utatha, ndipo anakaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto, mpaka kafukufuku amene anachitika ulamuliro utasintha mu 1994 anaonetsa kuti anachita kuphedwa. Ana amaidziwa ngati nkhani ya ku Mwanza. M'kabukumu tionetsa kuti ulendo wawo womaliza unayambira m'misewu imene anawo amayendamo popita kusukulu.

State House tangoilemba mizere yochepa: inali nyumba ya bwanamkubwa, lero ndi imodzi mwa nyumba za mtsogoleri wa dziko. Pamapu tiisonyeza koma gulu la ana silidzaimapo.

Okutobala

Mitu ya ndende ndi chipatala cha matenda a maganizo ndi imene tatsutsana kwambiri. Ziwirizi zinayambira pamodzi. Mu 1910 boma linapatula mbali ina ya ndende kuti muzisungidwa odwala misala, ndipo owayang'anira anali a ndende, osati anamwino. Chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Ndende yaikulu imene ilipo lero inamangidwa mu 1935, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikusunga anthu ochuluka kuposa amene inamangidwira.

Mnzanga akuopa kuti ana adzasandutsa tsamba la chipatala choseketsa, popeza dziko lonse limatchula dzina la mzinda uno pofuna kunyoza munthu kuti mutu wake sukuyenda bwino. Mantha akewo ndi oona. Koma kubisa chipatalachi n'kuthirira manyazi omwewo. Ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa, mabanja a ku Nsanje mpaka ku Chitipa abweretsapo abale awo, ndipo anthu amachira n'kubwerera kwawo. Tagwirizana kulemba momveka kuti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, n'kufotokoza m'mene chisamaliro chinachokera m'manja mwa a ndende kupita kwa madokotala ndi anamwino. Tipempha namwino wopuma ntchito kuti awerenge tsambalo tisanasindikize.

Ku ndende nako kuli mayina oti sitingawalumphe. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, atamangidwa zaka zoposa khumi. Mkazi wake, mayi Vera Chirwa, anatulutsidwa mu Januwale 1993. Mlakatuli Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anamugwira ku Gymkhana Club mu Sepitembala 1987 n'kukamutsekera ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Kalabu imeneyi inayamba ngati malo a azungu okhaokha, oti munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito. Tilembanso kuti nyimbo zojambulidwa ndi akaidi ndi owayang'anira a ndende ya Zomba zinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, chinthu chimene woimba wina aliyense wa ku Malawi anali asanafikepo.

Polemba mitu imeneyi m'pamene ndaona ulusi umene ukumanga kabuku konse. Zomba ndi mzinda wa anthu otumizidwa. Msilikali anamutumiza, kalaliki anamutumiza, wapolisi anamutumiza, mkaidi ndi wodwala anabwera nawo, wophunzira anasankhidwa. Ochepa okha ndi amene anabwera mwa okha kudzafuna chuma, monga zimakhalira ku Blantyre kapena ku Limbe. Ambiri atatha nthawi yawo sanabwerere: anakwatira kuno, anagula poloti, anakhala akulu a mpingo. Tasintha kasanjidwe ka mitu kuti kagwirizane ndi zimenezi. Mapu azitsata msewu, koma kabuku kazitsata anthu: anabwera ndani, anamutuma ndani, anasiya chiyani.

Novembala

Tinapita ku mwambo wokumbukira asilikali pachipilala. Zithunzi za asilikali akale ovala mamendulo tajambula titapempha chilolezo kwa aliyense payekha. Mapu oyamba atuluka. Mtunda wake wachuluka kwa ana a Fomu 1, ndiye tawagawa pawiri, ulendo wa kumtunda ndi ulendo wa kumunsi.

Disembala

Mutu wa sukulu ndi umene ukuyankha funso la mu Meyi lija. Dr Banda atatsimikiza zosamutsa likulu, ndipo ngongole ya ku South Africa itapezeka yomangira Lilongwe, ambiri ankayembekeza kuti Zomba izizira. Koma zaka ziwiri likulu lisanachoke, mu 1973, Chancellor College inasamuka ku Chichiri kubwera ku Chirunga. Maunduna anapita, ophunzira n'kubwera. Ndipo si zonse za boma zimene zinanyamuka: Archives, Print, ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, ya kafukufuku wa miyala, ya kafukufuku wa nkhalango, likulu la ndende, asilikali ndi koleji ya apolisi zinatsala. MANEB, imene imalembetsa mayeso ana a dziko lonse, ili kuno. Ku Domasi, kumene amishoni anakhazikika mu 1884, kuli koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education imene imakonza silabasi. Zomba Catholic, imene aliyense amangoti Box 2, inatsegulidwa mu 1942, ili imodzi mwa sekondale zoyambirira m'dziko muno. Seminale ya St Peter's ndi koleji ya abusa ya Zomba Theological zikuphunzitsa atsogoleri a mipingo. Palibe limodzi mwa mabungwewa limene likanausunga mzinda palokha, koma onse pamodzi amalipira anthu mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamazo zimathera pamsika, pa lendi ndi pa kabaza.

Aliyense wokhala ku Chikanda, dera la pafupi ndi yunivesite, amadziwa zimenezi popanda kuwerenga buku. Yunivesite ikatseka, zipinda za lendi zimakhala zopanda anthu, wokazinga tchipisi amachepetsa mbatata, wa fotokope amakhala chogona. Zinaoneka mu 2011, mkangano wa ufulu wa aphunzitsi a pakoleji utaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri. Zinaonekanso mu Malichi 1992, pamene ophunzira anaguba kugwirizana ndi kalata ya maepisikopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, koleji n'kutsekedwa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera zipani zambiri. Kuyambira 2021, makoleji ena atadziimira paokha, dzina loti University of Malawi latsalira sukulu ya ku Chirunga, ngakhale pakamwa pa anthu ikadali Chanco.

Januwale

Gawo limene latsala ndi lovuta kuposa onse, chifukwa lilibe fayilo: msika, mzikiti waukulu wa pafupi ndi msika, masitolo a Amwenye, matchalitchi a m'makwalala, bwalo la Community, ndi madera monga Matawale, Mpondabwino, Ndola ndi Chinamwali. Apa tikudalira kukhala pansi ndi akuluakulu.

Tacheza ndi agogo ena, telala wa pakhonde la sitolo. Makina awo ndi a Singer opalasa ndi phazi, utoto unatha pamene pamagwira dzanja, lamba analumikiza ndi waya. Akuyankhula sanasiye ntchito: choko kukhutu, nsalu ya yunifomu pansi pa singano, phazi likupalasa, akafika pa mfundo yofunika n'kuimitsa gudumu ndi chikhatho. Anatifotokozera kuti anayamba ndi kusoka makhaki a mamesenjala ndi kukonza masuti a makalaliki. Maunduna atasamuka makasitomala ambiri anapita, ndipo chinawapulumutsa ndi yunifomu za sukulu ndi za amayi a mvano. Nkhani ya 1975 yonse ili m'mawu amenewa, ndipo ndi yomveka kwa mwana kuposa m'mene ine ndinailembera mwezi watha. Atilola kuigwiritsa ntchito popanda dzina lawo.

Amayi ogulitsa nsomba atiphunzitsa kuti mbiri ya msika imayenda ndi nyanja ya Chilwa. Matemba, makumba ndi milamba zimachokera ku Kachulu ndi madooko ena, mpunga umachokera m'madambo a komweko. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Amayiwa zaka amaziwerengera pamenepo: uyu anayamba geni nyanja isanaume, uyo anakwatiwa itabwerera. Atiuzanso za komiti ya msika, za chipereganyu, ndi za m'mene amasonkherana mnzawo akaferedwa. Amenewa ndi mabungwe enieni a mzinda uno, okhala ndi malamulo, msungichuma ndi kaundula wa m'kope, ndipo alowa m'kabuku pa mlingo umodzi ndi nyumba ya malamulo.

Pomwe tafika ndi apa. Mitu ya Masongola, munda wa zomera, Archives, chipilala, nyumba ya malamulo ndi sukulu yalembedwa ndipo mnzanga akuiwerenganso. Ya ndende ndi chipatala ikudikira owerenga amene tawapempha. Ya mzikiti ndi matchalitchi sitinayambe kulemba. Atsogoleri a mzikiti atiuza kuti tibwere Lachisanu swala ikatha, pamene akuluakulu amakhala onse pamodzi, ndipo a CCAP ndi a ku Cathedral tikakumana nawo mwezi wamawa. Makalata opempha chilolezo chojambula kunja kwa msasa wa asilikali ndi kwa ndende tatumiza. Mvula ikadukiza tidzayesa ulendo wa kumunsi ndi kalasi imodzi ya Fomu 3, kuti tione pamene ana amatopa ndi pamene amafunsa mafunso. Chimene tikusowa kwambiri ndi zithunzi za msika, za maukwati, za matimu a mpira ndi za m'makwalala zojambulidwa likulu lisanasamuke. Za nyumba za boma zilipo zambiri. Amene muli nazo za m'mabanja mwanu, tidzabwera kwanu komweko kudzazijambula pafoni, chithunzi chanu osachoka nacho pakhomo.